Kodi mphunzitsi wachilendo ku Korea ana azimuitana bwanji?

Sabata ino tiyeni tiponye maso kutali, kum'mawa kwa Asia, ku dziko la South Korea. Kumeneko kuli funso limene limaoneka ngati laling'ono, koma lakhala likuzunguza mitu ya aphunzitsi ndi ana asukulu kwa zaka zambiri. Funsolo ndi ili: mlendo amene wabwera kudzaphunzitsa Chingerezi, ana azimuitana kuti chiyani? Amutchule dzina lake loyamba monga amachitira anzake kwao? Amutchule "Mister" ndi dzina la bambo ake? Kapena amupatse dzina laulemu limene amapatsa aphunzitsi awo Achikoreya? Wina anganene kuti nkhaniyi njopanda mchere, bola mwana akhoze mayeso. Koma inu ndi ine, amene tinakula tikudziwa kusiyana kwa "iwe" ndi "inu", tikudziwa kuti kaitanidwe ka munthu ndi kamene kamamuikira mpando pakati pa anthu.

Tiyambe ndi kuona mmene alendowa anapezekera kumeneko. South Korea ndi dziko la anthu oposa 51 miliyoni, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Seoul. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inalisiya dzikoli lili bwinja, koma linadzuka kudzera m'maphunziro ndi m'malonda ndi maiko akunja. Nchifukwa chake Chingerezi amachitenga ngati chinthu chachikulu kwabasi. Chaka chilichonse mu Novembala ana omaliza sekondale amalemba mayeso olowera ku yunivesite otchedwa Suneung, ndipo nthawi ya gawo lomvetsera Chingerezi ikakwana, ndege zimaletsedwa kunyamuka kapena kutera kwa nthawi yoposa theka la ola, kuopa kuti phokoso lingasokoneze ana. Taganizani, ndege kudikira mwana wasukulu!

M'chaka cha 1995, Kim Young-sam ali mtsogoleri wa dzikolo, boma linayamba ndondomeko yoitana eni ake Chingerezi kuti adzathandize m'sukulu za boma. Ndondomekoyi imadziwika ndi dzina loti EPIK. Kuyambira mu 1997 Chingerezi chinayamba kuphunzitsidwa kuchokera kalasi yachitatu ya pulaimale. Kupatula sukulu za boma, kulinso sukulu zolipira zimene ana amapitako akaweruka, zotchedwa hagwon, ndipo nazo zimalemba ntchito alendo ambirimbiri. Chitupa cholowera m'dzikolo kukagwira ntchito imeneyi chimatchedwa E-2, ndipo kwa ophunzitsa Chingerezi chimaperekedwa makamaka kwa nzika za maiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mu Africa muno ndi anansi athu a ku South Africa okha amene ali pamndandandawu. Ambiri mwa alendowa amakhala anyamata ndi atsikana ongomaliza kumene yunivesite, ndipo pangano lawo la ntchito limakhala la chaka chimodzi, ngakhale ena amaonjezera.

Tsono kuti timvetse vuto la mwana wa ku Korea, tiyenera kudziwa kalankhulidwe ka kwao. Chikoreya chili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zolankhulira. Pali chilankhulo chaulemu chimene amachitcha jondaenmal, ndipo pali chilankhulo cha pachinzake chimene amachitcha banmal. Mau amasintha mathero ake malinga ndi munthu amene ukulankhula naye, monga mmene ife timasiyanitsira "bwera" ndi "bwerani". Anthu awiri akangokumana koyamba sachedwa kufunsana zaka, osati mwa chipongwe ai, koma kuti aliyense adziwe mmene angalankhulire ndi mnzakeyo. Wamng'ono satchula dzina la mkulu wake lokhalokha. Mnyamata amaitana mkulu wake wamwamuna kuti hyeong, ndipo mlongo wake wamkulu amati nuna. Mtsikana amati oppa kwa mlongo wake wamkulu, ndipo amati eonni kwa mkulu wake wamkazi. Ngati mwana sangatchule dzina la mbale wake amene anamutsogolera kubadwa ndi chaka chimodzi chokha, nanga angatchule bwanji dzina la munthu amene waima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja?

Mphunzitsi kumeneko amatchedwa seonsaengnim. Liwuli lili ndi zigawo ziwiri. Seonsaeng linachokera ku zilembo zakale za Chitchaina zotanthauza "wobadwa poyamba", ndipo ndi liwu lomwelo limene anthu a ku Japan amalitchula kuti sensei. Kachidutswa komaliza, nim, ndi kaulemu, kamene kamagwira ntchito yofanana ndi "a" amene timamuika kutsogolo tikamati aphunzitsi, amai kapena agogo. Mwana akafuna thandizo m'kalasi amangoti "Seonsaengnim!" Akafuna kusiyanitsa mphunzitsi wina ndi mnzake amayamba ndi dzina, udindo nkubwera pambuyo: Kim seonsaengnim. Aphunzitsi okhaokha nawo amaitanana motero mu ofesi yawo, ndipo liwuli ndi lolemera kotero kuti amaligwiritsanso ntchito poitana dokotala, kapena munthu wamkulu amene sakumudziwa koma akufuna kumulemekeza.

Ulemu umenewu unachokera kutali, ku chiphunzitso cha Confucius chimene chinazika mizu m'dzikolo kwa zaka mazanamazana. Akale a kumeneko ankati mfumu, mphunzitsi ndi bambo ndi amodzi. Ankatinso wophunzira asaponde ngakhale chithunzithunzi cha mphunzitsi wake. Tsiku la Aphunzitsi amalikumbukira pa 15 Meyi, ndipo tsikuli analisankha dala pakuti ndi tsiku lobadwa la Mfumu Sejong, amene anakonza zilembo za Chikoreya zotchedwa Hangul ndi kuzilengeza mu 1446 kuti anthu wamba athe kuwerenga ndi kulemba.

Ndiye taonani zimene zimachitika mlendo akafika. Tinene kuti dzina lake ndi John Smith. Tsiku loyamba amaima pamaso pa ana, kumwetulira, nkunena kuti dzina lake ndi John. Mwana amamva bwinobwino, koma pakamwa pake pamakana kutulutsa dzinalo lili lokha. Choncho amachita zimene chilankhulo chake chinamuphunzitsa. Amatenga dzinalo, nkuika udindo pambuyo pake, ndipo poti ndi nthawi ya Chingerezi, udindowo amautembenuza kukhala wa Chingerezi. Mapeto ake ndi "John teacher". Akafuna thandizo amafuula kuti "Teacher! Teacher!" monga mmene akanafuulira kuti "Seonsaengnim!" Kaitanidwe kameneka kanafala m'dziko lonselo, m'sukulu za boma ndi m'ma hagwon momwe, moti alendo ambiri nawonso anayamba kudzitchula okha motero.

Pamenepa ndi pamene pali mkangano, ndipo alendowa agawanika patatu. Gulu loyamba limati "John teacher" ndi Chingerezi chothyoka, palibe mwini Chingerezi amalankhula chotero, ndipo mphunzitsi amene akulekerera zimenezi akuphunzitsa ana zolakwika. Iwowa amafuna kutchedwa "Mister Smith" kapena "Miss Smith". Gulu lachiwiri limati za maudindo nzachikale, ana azingoti "John" kuti amasuke, pakuti mwana wamantha saphunzira kulankhula chilankhulo chachilendo. Gulu lachitatu limati kwa eni kulibe mkuwe, zimene wazipeza uzitsate. Onsewa ali ndi mfundo, koma mfundo zawo sizilemera chimodzimodzi.

Tiyambe ndi a gulu lachiwiri, ofuna dzina lokhalokha. Nzoona kuti ana ambiri a ku Korea amachita manyazi kulankhula Chingerezi poopa kulakwitsa pamaso pa anzawo, ndipo mlendo anamuitanira ntchito yomasula malilime amenewo. Koma choyamba, kutchula mphunzitsi dzina loyamba si mwambo wa sukulu za kwao kwa alendowo. Ku Britain ana amati "Sir" kapena "Miss". Ku America amati "Mister" kapena "Ms" ndi dzina la banja. Mnyamata amene akuuza ana a ku Seoul kuti azimutcha John, iye mwini sankatchula aphunzitsi ake a ku pulaimale maina awo oyamba. Ndiye mwanayo akuphunzira mwambo wa kuti? Tsiku lina akadzapita ku London nkukatchula mphunzitsi wake dzina, amene adzachite manyazi ndi iyeyo, John atabwerera kwao kalekale.

Chachiwiri, dzina lopanda udindo lili ndi tanthauzo lake m'makutu a mwana wa ku Korea. Munthu amene umamutchula dzina lokha ndi mnzako wamsinkhu umodzi kapena mng'ono wako, ndipo woteroyo umalankhula naye banmal. M'sukulu za boma mlendo kawirikawiri sakhala yekha m'kalasi. Amagwira ntchito limodzi ndi mphunzitsi Wachikoreya amene ali ndi chiphaso cha uphunzitsi cha dzikolo. Tsono taganizani kalasi imene muli akulu awiri, wina akutchedwa seonsaengnim, wina akungotchedwa John. Palibe amene wauza ana kuti winayo ndi wochepa, koma ana amva kale. Mphunzitsi Wachikoreya akangotuluka, phokoso liyamba, ndipo John akati khalani chete, mau ake amveka ngati a mnzawo wosewera naye. Nthawi ya Chingerezi isanduka nthawi yopuma. Amene aluza pamenepo ndi mwana yemwe uja amene makolo ake akutaya ndalama zambiri kuti adziwe chilankhulochi.

Kuti muone kuti eni dziko saitenga mopepuka nkhani imeneyi, kumbukirani zimene zinachitika mu Januwale 2019. Ofesi ya zamaphunziro ya mzinda wa Seoul, motsogozedwa ndi Cho Hee-yeon amene anali mkulu wake pa nthawiyo, inatulutsa maganizo oti anthu a m'maofesi ake ndi m'sukulu aziitanana mofanana, pongoika nim kapena ssaem kumapeto kwa dzina, m'malo motchula maudindo. Aphunzitsi ndi mabungwe awo anakwiya kwambiri, nati dzina loti seonsaengnim ndi limodzi mwa zinthu zochepa zimene zawatsalira. Ofesiyo inafulumira kufotokoza kuti zimenezo sizidzakhudza kaitanidwe ka ana kwa aphunzitsi awo. Ngati eni mudzi akukaniza dzinalo chotere, mlendo wa chaka chimodzi alitayirenji?

Ndipo musaganize kuti mphunzitsi wa ku Korea masiku ano akadali mfumu monga kale. Mu Julaye 2023 mphunzitsi wina wachitsikana wa pa sukulu ya pulaimale mu Seoul anadzipha, ndipo anzake ananena kuti ankavutika ndi madandaulo osatha a makolo. Aphunzitsi zikwizikwi, atavala zakuda, anayamba kusonkhana m'misewu ya mzindawo Loweruka lililonse, mpaka mu Seputembala chaka chomwecho nyumba ya malamulo inasintha malamulo ena pofuna kuteteza aphunzitsi pa ntchito yawo. Dzina laulemu palokha silingathetse mavuto akulu otere, ndipo palibe amene anganene kuti alendo ndi amene anawabweretsa. Koma pa sukulu pamene anzako akulimbana kuti udindo wa mphunzitsi usagwe pansi, si nzeru kuti iwe uzionetsa ana kuti pali aphunzitsi ena amene angathe kuitanidwa ngati anzawo a kumpira.

Nanga a gulu loyamba aja, ofuna "Mister Smith"? Awa ali pafupi ndi choonadi, pakuti mwana amene akuphunzira Chingerezi ayenera kudziwa mmene eni ake amalemekezerana. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha wa mwana ndi wa agogo omwe, pamene Chipwitikizi chili ndi "tu", "você" ndi "o senhor". Ana ambiri, poona zimenezi, amayamba kuganiza kuti Chingerezi ndi chilankhulo chopanda ulemu, choti munthu angalankhule mmene wafunira. Mphunzitsi wabwino awaonetse kuti ulemu ulimo, koma unabisala pena: m'mau oikidwa kutsogolo kwa dzina la banja, ndi m'kapemphedwe ka zinthu. Limeneli ndi phunziro lofunika mofanana ndi phunziro la masiku a sabata kapena la kuwerenga nthawi.

Komabe a gulu limeneli amalakwa akamakalipira mwana chifukwa wati "John teacher". Mwanayo sanachite mwano. Wachita kuyesetsa kumupatsa mlendo ulemu waukulu umene iye akuudziwa, pogwiritsa ntchito mau ochepa amene ali nawo. Kumudzudzula kuli ngati kukana nkhuku imene akuphera kumudzi chifukwa aiphika mosiyana ndi kwanu. Palinso zovuta zina zimene mlendo saziona msanga. Ku Korea dzina la banja ndi limene limayamba, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ndi Kim, moti dzina la banja lokha silikwanira kusiyanitsa anthu. Mwana akaona "John Smith" sangadziwe msanga kuti la banja ndi liti, ndipo nchifukwa chake ena amatulukira ndi "Mister John". Komanso lilime la Chikoreya, monga lathuli, limakonda kuika mavawelo pakati pa zilembo zouma. Mmene ife tinasandutsira mau achilendo kukhala sukulu ndi buku, iwonso Smith amamutchula kuti Seumiseu. Kwa mwana wa kalasi yachitatu, dzina lalifupi ndi limene limakhala pafupi.

Tsono maganizo anga ndi awa. Mlendo wophunzitsa Chingerezi aitanidwe ndi udindo, nthawi zonse, ndipo udindowo ukhale wolingana ndi wa aphunzitsi anzake pasukulupo. Ana akamalankhula Chikoreya, kaya m'khonde, kaya pabwalo, kaya pouza makolo awo za iye, akhale seonsaengnim monga wina aliyense. Akamalankhula Chingerezi m'kalasi, makamaka ana okulirapo a ku sekondale, aphunzitsidwe kunena "Mister" kapena "Ms" ndi dzina la banja, ndipo auzidwe chifukwa chake. Kwa ana aang'ono, "John teacher" asiyidwe ngati mlatho wowolokera, mphunzitsi nkumawakumbutsa mofatsa kuti kunja kwa Korea anthu satero. Chimene chiyenera kupewedwa ndi chimodzi chokha, dzina lopanda chovala. Ndipo nkhaniyi asaisiyire mlendo yekha kuti aganize tsiku loyamba ali ndi mantha. Mkulu wa sukulu ndi mphunzitsi Wachikoreya uja ndi amene ayenera kumulandira pamaso pa ana ndi dzina loyenera, pakuti mwana amatsata zimene wamva kwa akulu.

Kwa amene akuopa kuti udindo umanga mpanda pakati pa mphunzitsi ndi ana, Chikoreya chomwecho chili ndi yankho. Liwu lija lakuti ssaem ndi chidule cha seonsaengnim chimene ana amagwiritsa ntchito kwa mphunzitsi amene amamukonda ndi kumuzolowera. Muli chikondi, koma uphunzitsi ulimobe. Nzofanana ndi mmene ana a m'sukulu zathu amafupikitsira "senhor doutor" kukhala "stor". Mlendo akayamba kumva ana akumuitana kuti "John ssaem", adziwe kuti alandiridwa. Kumasuka kumene ankakufuna kuja wakupeza, ndipo mpando wake sanautaye.

Ulemu ndi wobwezerana, choncho tisamalize osanenapo za maina a anawo. M'ma hagwon ambiri muli chizolowezi chopatsa ana maina a Chingerezi kuti mphunzitsi asavutike kutchula. Ana ena amasangalala nawo, ndipo palibe choipa ngati mwana wasankha yekha. Koma mlendo akumbukire kuti dziko limeneli linalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, ndipo mu 1940 anthu anaumirizidwa kutenga maina a Chijapani. Nkhani ya dzina kumeneko ili ndi chipsera. Nafenso kuno tikudziwa agogo athu amene anali ndi dzina la kumudzi ndi lina la m'kaundula wa Apwitikizi. Mphunzitsi amene akufuna kuti dzina lake litchulidwe bwino, nayenso avutikeko kuphunzira maina enieni a ana ake. Zilembo za Hangul nzosavuta, munthu wakhama amatha kuyamba kuziwerenga m'masiku owerengeka, ndipo mwana akamva mlendo akumutchula dzina limene anamupatsa makolo ake, amadziwa kuti munthuyu sanabwere kudzangodutsa.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. John adzakwera ndege nkubwerera kwao chaka chikatha, koma ana aja adzatsala, ndipo pambuyo pake padzabwera mlendo wina amene adzakolole zimene woyambayo anafesa. Akadzapeza ana ozolowera kuti mphunzitsi wachilendo ndi woseweretsa, adzayamba ntchito yake ali pansi. Akadzapeza ana odziwa kuti aliyense woima kutsogolo kwa kalasi ndi mphunzitsi, kaya ndi wa ku Busan kaya ndi wa ku Durban, ntchito yake idzayenda. Nchimodzimodzi kwa mwana wathu aliyense amene tsiku lina adzapite kukagwira ntchito kwa eni: asanauze anthu mmene azimuitanira, ayambe wamvetsera mmene iwo amaitanirana.

Kwa lero tilekere pomwepa. Aphunzitsi amene mumawerenga tsamba lino, tilembereni mutiuze mmene ana amakuitanirani pa sukulu panu, ndiponso ngati mukuona kuti zasintha poyerekeza ndi kale. Tidzakumananso sabata yamawa, Mulungu akalola. Tsalani bwino.